Mimba ya Mwini Imene Ndinavomera ku Gaika

Ana anga, Chifundo ndi Tendai, mwandivutitsa kokwana kuti ndilembe za ntchito yanga, poti masiku ano ndimangokhala pakhonde kuno ku Rutendo n'kumalimbana ndi nkhuku za eni. Ndavomera. Koma mutu uno sindikuulemba kuti museke. Pali nkhani imene munakula nayo, imene anzanu ankakutonzani nayo kusukulu, yoti bambo anu ali ndi mwana wapatchire ku Gaika. Simunandifunsepo poti munaleredwa ndi ulemu, ndipo ine sindinakukhazikenipo pansi poti bambo sakamba za mimba ndi ana ake. Ulemu umenewu watidyera zaka zambiri. Lero ndiuika pambali, ndipo mundikhululukire mukaona cholembera chikuboola pepala, chifukwa mtima wanga sunazizirebe.

Zvishavane, zaka za m'ma 1980

Ntchito yanga yoyamba inali pa mgodi wa asibesitosi ku Zvishavane, kumene agogo anu anathera mphamvu zawo atachoka ku Dedza. Ndinayamba ngati wokweza katundu pa lole, fumbi loyera lili mbuu m'mutu ngati nkhalamba. Kapitawo wathu sankadziwa mawu ena koma "Tshetsha, wena!", kutifulumizitsa, ndipo ndikukhulupirira kuti mkazi wakenso anamufunsira ndi mawu omwewo. Nditapeza laisensi, dalaivala wa ambulansi ya pamgodi anadwala chifuwa, makiyi n'kugwera ine. Ndinali mnyamata wamatama. Ndinkaganiza kuti ntchitoyo ndi kuliza belu ndi kuthamanga basi, atsikana azindiona.

Amene anandichotsa matamawo ndi Mai Zuze, mzamba wa m'komboni mwathu, wochokera ku Tete. Anali mayi wapakamwa, wosuta ndudu cholowetsa moto m'kamwa, ndipo ngakhale apolisi a pamgodi ankamupatukira. Akazi ambiri a m'komboni ankachirira kwa iye, chifukwa manesi ena ankawatukwana kuti ife mabhurandaya, dzina lonyoza a Malawi kuno, timabereka ngati mbewa. Iwenso Chifundo unabadwira m'manja mwake, pamphasa, ndipo palibe chinavuta. Ndikunena izi kuti musadzati bambo athu ankadana ndi azamba. Ayi ndithu. Koma Mai Zuze ankadziwa polekezera manja ake. Tsiku loyamba kundilankhula anandipeza ndikupukuta galimoto, n'kundiuza kuti, "Iwe mwana wa Mwale, tamvera kuno. Mwana akatsogoza mutu ndi wanga. Akatsogoza dzanja kapena phazi ndi wako. Ndikakuitana usayambe kupesa tsitsi." Anandiitana kambirimbiri m'zaka zimenezo, ndipo sindinamumvepo akufunsa wodwala kuti anagona ndi yani.

Rutendo, zaka za m'ma 1990

Fumbi lija litayamba kundikhala pachifuwa, ndinasamukira ku Redcliff kukayendetsa ambulansi ya pa fakitale ya zitsulo. Izi ndizo zaka zimene ndinadya bwino. Tinapeza nyumba ino m'komboni ya Rutendo, iwe Tendai unabadwa, ambulansi inali ndi matayala ake onse ndi lina lapadera, ndipo mpingo wathu wa a Malawi unandisankha kukhala mkulu wa mpingo. Ndinkakhala pampando wakutsogolo nditavala jekete lakuda, anthu n'kumandibweretsera milandu ya m'mabanja kuti ndiweruze. Mayi anu, a Naphiri, ankatsogolera amayi anzawo, ndipo pakhomo pano sipankatha alendo. Ndikukumbutsani zimenezi kuti mudziwe chimene ndinali nacho m'manja, chifukwa munthu wopanda dzina alibe chotaya. Kenako ng'anjo zinayamba kuzima imodziimodzi. Utsi umene tinkautukwana chifukwa chodetsa zovala pachingwe tinayamba kuulakalaka. Anatiuza kuti tidikire kunyumba, adzatiitana. Anzanga ena akudikirabe ali kumanda.

Kwekwe, zaka zosowa mafuta

Nditakhala pakhomo mpaka mpando kundidziwa, ndinapeza ntchito pa kachipatala ka kampani ina yaing'ono ya migodi ku Kwekwe. Sindiitchula dzina. Inafa kale, ndipo sindinalire maliro ake. Woyang'anira magalimoto anali bambo wina wonenepa amene tinkamutcha VaHapana, chifukwa ukangotsegula pakamwa ankayankha kuti "Hapana dhiziri," kutanthauza kuti dizilo palibe, ngakhale ukufuna kungomupatsa moni. N'zoona kuti mafuta ankasowa dziko lonse. Magalimoto ankagona pamzere mpaka udzu kumera pansi pake, ndipo nesi wathu ankachapa magolovesi n'kuwayanika pawaya ngati masokosi. Koma dizilo wopitira kumunda kwa VaHapana sankasowa. Ine, munthu wonyamula odwala, ndanyamulapo feteleza pa machira. Ndanyamulapo mbuzi za ukwati wa mlamu wake, n'kutsuka ndekha fungo lake. Lamulo lake linali lakuti ambulansi ndi ya antchito a kampani okha, wina aliyense afere kunja kwa geti. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndiye tinkangomeza mate.

M'masiku amenewo a Malawi atsopano ankabwera ambiri kudzafuna golide m'maenje a ku Gaika, kufupi ndi Kwekwe. Mmodzi mwa iwo anali Lakisoni wa ku Ntcheu, mnyamata wolimbikira koma wongotengeka, amene anabwera ndi mkazi wake Esinati, kamtsikana kofatsa. Esinati ankagulitsa zitenje, ndipo mayi anu anamukonda ngati mwana wawo. Atatenga mimba yake yoyamba, mayi anu anaiyang'ana ikukula, osakondwa nayo, n'kundiuza kuti ndipite naye kusikelo. Ndinamulowetsa kwa nesi wathu mozemba, VaHapana atapita kumunda. Nesiyo anamupima n'kunena kuti mwana wapingasa, ndipo akapanda kutembenuka asayerekeze kuchirira pakhomo. Potuluka mtsikanayo anandifunsa atawerama, "Nanga abambo, akandikaniza ndidzatani? Azakhali a amuna anga akuti kuchipatala amang'amba anthu." Ndinamuyankha kuti, "Tsikulo likadzafika ungotumiza mawu. Ndidzabwera." Ndinalankhula mopepuka, ngati munthu wolonjeza kubwereketsa khasu.

Azakhali ajawo anali a Nachisale, ndipo iwo ndiwo anali mzamba wa a Malawi onse a kumeneko. Luso anali nalo, sindikana, ndipo ana ambiri a ku Gaika anabadwira m'manja mwawo pa nthawi imene chipatala chinali kutali ndi thumba la munthu wosauka. Koma anali ndi chiphunzitso chimene anachoka nacho kumudzi, choti mwana akamachedwa kutuluka ndiye kuti mkazi anayenda m'mbali, ndipo sangachire mpaka atamutchula mwamunayo. Iwo anawonjezerapo zawo: wotchulidwayo aitanidwe, avomere pamaso pa anthu, asambe m'manja m'mbale, madziwo amwe wodwala. Pamenepo ndiye njira imatseguka, ati. Mwamuna wa wodwalayo ankangofunsidwa mwamwambo ngati nayenso anayenda m'mbali, akati ayi nkhani yatha. Mkazi akati ayi, ankamusiya ndi ululu wake kuti umukumbutse.

Gaika, tsiku lotentha la mu Okutobala

Dzuwa lili paliwombo, ndinali pansi pa ambulansi ndikumanga paipi ya utsi ndi waya. Ndinangomva munthu wandigwira mwendo n'kundikokera panja. Anali Lakisoni, matope ofiira thupi lonse, maso ali psuu. Anandigwira pakhosi.

"Mudhara, ine ndimakutengani ngati bambo anga. Kani ndinu mfiti!"

"Iwe, tandisiya. Chavuta n'chiyani?"

"Esinati wakutchulani. Matenda anayamba dzulo m'mawa, mwana sakutuluka. Amufunsa, amufunsa, lero waulula. Akuti mimba ndi yanu. Handei, tiyeni mukavomere, apo ayi ndikukhapani pompano."

Choyamba kubwera m'mutu mwanga chinali dzina langa. Ndinapsa mtima. Ine, mkulu wa mpingo, kamwana koti ndingakabereke kandipake matope otere? Ndinatsala pang'ono kumuwomba ndi sipanala. Koma mawu akuti dzulo m'mawa anandibaya. Ndinamufunsa chifukwa chake sanandiuze matenda atangoyamba. Iye anati Esinati wakhala akupempha kuyambira dzulo kuti aitane a Mwale a ambulansi, koma azakhali anakana, n'kumulanda foni, n'kutseka chitseko. "Ndiye lero wanena chifukwa chake ankakulirani," anatero. Pamenepo ndinamvetsa. Mtsikanayo anatumiza mawu monga ndinamuuzira, ndipo anawatumiza panjira yokhayo imene a Nachisale akanalola kuti adutse.

VaHapana anali atasuzumira pazenera kudzaonera ndewu yaulere. Ndinawauza kuti ndikupita ku Gaika, kuli mkazi akufa.

"Ndewekambani here?" anafunsa, kufuna kudziwa ngati ndi wa kampani.

"Ayi, bwana, koma ndi munthu."

"Hapana dhiziri, Mwale. Ukatuluka pageti ilo, usadzoke futi." Ndiye kuti ndisadzabwerenso pantchito.

M'thankimo munali dizilo amene anathira m'mawa womwewo kuti ndikawatengere chimanga kumunda. Ndinamukankhira Lakisoni m'galimoto, n'kuyamba kuliza belu pansi pa zenera lawo lomwelo kuti alimve bwino. Panjira ndinayesa kumulankhula mnyamatayo. Ndinati, "Mkazi wako akufuna galimoto iyi, osati ine. Ganiza, iwe." Anangoyang'ana kutsogolo n'kunena kuti azakhali sanama, ndipo munthu ali pa ululu wotere sanganame. Ndinamuuza kuti pa ululu wotere munthu angatchule ngakhale abusa, koma ndinkalankhula ndi mwala.

Ku Gaika ndinapeza khamu. Nkhani ya chigololo imathamanga kuposa ambulansi. Amuna anali atatuluka m'maenje, akazi atakhala mumthunzi wa kanyumba ka malata, ena a mumpingo mwathu, amene ndinkawapatsa mgonero ndi manja angawa. M'katimo munkamveka kubuula kotsika, kosafanana ndi kwa munthu amene akukankha mwana. Ntchito inandiphunzitsa kuti wokuwa akadali ndi mphamvu, woopsa ndi amene mawu ayamba kumuthera. A Nachisale anaima pakhomo, mbale ya madzi ili m'manja.

"Mwabwera, a Mwale. Takulandirani. Sambani."

"Mayi, mwanayo wapingasa. Nesi ananena kalekale. Patukani ndimutenge."

"Mwamuna salowa muno, mwambo mukuudziwa. Ndipo chimene chapingasa mwana tachidziwa, mwini wake wanena yekha. Dzanja latuluka kale, akupempha bambo ake."

Dzanja! Ndinakumbuka Mai Zuze, ndipo ndinafuna kuwalavulira a Nachisale kumaso. Mwana watsogoza dzanja, iwo n'kumati akupempha bambo ake! Pakhomo pomwepo panali kapu ya mwanamphepo, mankhwala ofulumizitsa matenda aja. Anali akumumwetsa mtsikanayo kuti akankhe mwana amene analibe potulukira. Ndinayesa kulowa mwamphamvu, koma anzake a Lakisoni ananditchinga, ena ali ndi zikwanje zawo za kumaenje. Ndikanaukana mlanduwo akanati ndaumitsa mutu, n'kuitana akuluakulu, n'kukhala pansi kuuzenga mpaka dzuwa kulowa. Milandu yotere ndinaizengapo ndekha, ndikudziwa kutalika kwake, ndipo Esinati analibe nthawi imeneyo. Ndinaganiza za mayi anu. Ndinaganiza za inu awiri, ndi mpando wanga wakutsogolo uja. Kenako ndinapinda malaya n'kuviika manja anga a girisi m'mbale muja.

"Nenani ndi pakamwa," anatero a Nachisale. "Anthu amve."

"Mimbayo ndi yanga."

Akazi anakuwa kuti maiwe. Lakisoni anakhala pansi m'fumbi. Ine ndinapitiriza mokweza, "Mwamva nonse. Ndiye poti mwana ndi wanga, wondiletsa kumutenga ndani? Akafera muno ndikakunenerani kupolisi kuti mwandiphera mwana." Anzake a Lakisoni anapatuka pakhomo. Mwambo wawo womwewo unawamanga manja. A Nachisale analowa kukamumwetsa madzi akuda aja, ine n'kulowa pambuyo pawo ndi machira. Zimene ndinaona m'kanyumbamo sindilemba. Esinati anatsegula maso pang'ono n'kunena kuti, "Pepani, abambo." Ndinati, "Khala chete, mwanawe, wachita bwino." Nditayang'ana woti andithandize kunyamula, amuna onse aja anabwerera m'mbuyo kuopa magazi a uchembere. Anali Lakisoni yemweyo, misozi ili chuchuchu, amene anadzuka m'fumbi n'kugwira mbali ina ya machira.

Kuchipatala chachikulu anamuthamangitsira ku opaleshoni. Dokotala anandikalipira ine ngati mwini mkazi, kuti tinali kuti nthawi yonseyi, ndipo ndinangolandira poti ndinali nditavomera kale zoposa pamenepo. Mwana anatuluka wamoyo, wamkazi, koma dzanja lija ndi lofooka mpaka lero. Esinati anapulumuka, koma chiberekero chinali chitang'ambika ndipo anachichotsa. Mimba yake yoyamba inakhala yomaliza.

Zotsatira zake

Ambulansi ndinaibweza nditaitsuka, VaHapana n'kundilanda makiyi pageti. Sindinawapepese. Chimene ndinkaopa chinali pakhomo pano, chifukwa nkhani inali itafika kale pa kombi, minibasi za kuno. Ndinapeza mayi anu akusita jekete langa lakuda lija. Sanatukule mutu.

"Wachira?"

"Wachira. Mwana wamkazi. A Naphiri, ndifuna ndikufotokozereni."

"Bambo a Chifundo, kusikelo ndinamutumiza ndine. Inuyo mkazi mungamunyenge nthawi yanji, tsiku lonse muli pansi pa galimoto? Sambani m'manja mudye. Kapena mwasamba kale ku Gaika?"

Mayi anu anandikhulupirira, koma anali okha. Ndinapita kwa akulu anzanga a mpingo kukafotokoza. Esinati naye atapeza mphamvu anapita yekha kukalumbira kuti ananama pofuna galimoto. Anatiseka. Anati, "A Mwale, munavomera ndi pakamwa panu, ndipo mutangovomera mwana anatuluka. Tifunenso umboni wanji?" Mpeni wa dokotala sanauwerengere. Amuna amene ndinakhala nawo pampando umodzi zaka zonsezo anandichotsa pa ukulu osandiyang'ana m'maso, jekete lija n'kulowa m'sutikesi. Lakisoni anabwera kamodzi, n'kuima pageti, n'kunena kuti mtima wake ukudziwa zoona, koma sangakhale ndi mkazi amene Gaika yonse inamumva akutchula mwamuna wina. Anapita ku Joni osatsanzika. Wamantha! M'maenje a golide ankalowa osaopa kugumukiridwa, koma pakamwa pa anzake anapaopa.

Mayi anu anakamutenga Esinati ndi khanda n'kuwagoneka m'chipinda chako, Chifundo, ukukumbuka. Ndinawauza kuti anthu anena kuti ndakwatira mitala. Iwo anati, "Anena kale. Mwanayu agone panja kuti anthu atseke pakamwa?" Kumpopi amayi anzawo ankasiya kulankhula iwo akafika. Amene ankadzamwa tiyi pakhomo pano anayamba kudutsa njira ya kuseri. Ena ankabwera dala kudzawapepesa, kuti aone ngati alira. Mayi anu anapirira zimenezo mpaka tsiku lomwalira, ndipo izi ndi zimene sindidzakhululukira munthu. Ine ndinakalowa ntchito ya kombi, Kwekwe ndi Gweru, kulimbana ndi mahwindi, anyamata oitanira okwera, pa ukalamba wanga mpaka maso atandikana. Esinati anabwerera ku Ntcheu. Masiku ano amachita geni yodutsa malire, ndipo akafika kuno salephera kudzandiona ndi mwana uja, Mwayi. Nkhope yake ndi Lakisoni yemweyo, ngati anachita kumulavula, koma anthu a kuno amati makutu ndi anga.

Rutendo, lero

Pa maliro a mayi anu kunabwera a Nachisale, atakalamba, akuyenda ndi ndodo. Inu munawaona akundigwira dzanja, n'kuganiza kuti akundipepesa. Anandinong'oneza kuti, "A Mwale, musamadandaule. Mukanapanda kuvomera, mtsikana uja akanafa." Ndinawayang'ana. Apa pokha ananena zoona, ndipo sankadziwa n'komwe. Kenako anawonjezera, mokondwa ndithu, kuti chiyambire tsiku lija atsikana savutanso kuulula. Akangoyamba kukana amawauza kuti ngakhale a Mwale, mkulu wa mpingo, anavomera, mwana n'kutuluka. Ndinachotsa dzanja langa. Akanakhala maliro a munthu wina, ndodo ija ndikanaithyola.

Ndiye taonani mmene zilili. Ndinataya ntchito, ndinataya mpando, mayi anu anataya anzawo, kuti mtsikana mmodzi atuluke m'kanyumba kaja, ndipo dzina langa lomwelo akutsekera nalo atsikana ena. Ndikaganiza zimenezi chakudya chimandikana. Koma mukandifunsa ngati ndingasambenso m'mbale muja, ndingasambe mpaka m'zigongono.

Mwayi si mwana wanga. Ndalemba ndi dzanja langa, ndili ndi nzeru zanga zonse. Koma akadzabwera pa maliro anga mudzamukhazike pamodzi ndi inu, anthu adzanene zimene akufuna. Ndipo iwe Tendai, poti uli ndi galimoto ndipo ukukhala pakati pa anthu athu, tsiku lina munthu akadzakugwira pakhosi kuti mkazi wake wakutchula ali pamphasa, usadzataye nthawi ndi kulumbira. Udzamufunse kuti matenda anayamba liti, uku ukufuna makiyi.